Ukwati wa pa Mchenga wa Ndiwathu

Kalekale, mafumu asanayambe kuchita manyazi (ena amati mpaka lero sanayambebe), kunali maufumu awiri oyang'anizana pa mtsinje wa Mkangano. Tsidya lino kunali Sitinalakwe, dziko la Mfumu Sindigonja. Tsidya linalo kunali Mwayambandinu, dziko la Mfumu Phokoso Wachiwiri. Phokoso Woyamba anafa ali pakati polankhula, ndipo mwana wake anangopitiriza pomwe bambo analekezera.

Maufumuwa anamenyana zaka makumi anayi chifukwa cha mchenga. Madzi akaphwa, pakati pa mtsinje pankatuluka chilumba cha mchenga wokhawokha, chopanda mtengo ngakhale chitsamba. Dzinja likafika chinkamira. Mafumu onse awiri ankachitcha Ndiwathu. Chaka ndi chaka asilikali ankalasana pamenepo, wopambana n'kuzikapo mkondo wa mfumu yake, mvula n'kubwera, mkondo n'kupita kwa achule.

Chimene mafumu sankadziwa n'chakuti masiku opanda nkhondo, mchenga womwewo unkasanduka msika. Anthu a matsidya onse awiri ankakumana pamenepo ndi nsomba, mapira, miphika ndi mabodza. Msikawo unkatchedwa Sitikudziwa, chifukwa nduna ikafunsa kumene anthu akupita ndi madengu, yankho linali lomwelo.

Pamsikapo pankakhala mayi wina wogulitsa mchere, dzina lake Nangondo. Anali wamfupi, wa pakamwa pakuthwa ngati lumo. Anaika amuna awiri m'manda ndipo sanalire nthawi yaitali, poti mchere suyembekeza wamasiye. Koma ntchito imene anatchuka nayo inali unkhoswe. Lamulo la Sindigonja linkati wokwatira kutsidya adulidwe khutu. La Phokoso linkati adulidwe onse awiri, kuopa kuoneka wofewa. Komabe mnyamata wogulitsa nsomba akayang'anizana ndi mtsikana wogulitsa miphika kwa chilimwe chathunthu, lamulo limachepa mphamvu. Maukwati otere ankamangidwa kuseri kwa madengu a mchere a Nangondo. Iye ankaimira tsidya lino. Tsidya linalo ankaimira Chipalasa, mkulu wina woonda, mwini bwato. Tambala uku, thadzi uku, basi banja laima. Atafika pa maukwati mazana awiri, Nangondo analeka kuwerenga.

Chaka china nkhondo inazima yokha, chifukwa mbuzi zodyetsa asilikali zinatha. Mafumu anakumana pansi pa mkuyu n'kumanga pangano la mtendere. Linali lachisanu ndi chinayi. Asanu ndi atatu oyamba anamangidwa pa mfundo za chingwe, ndipo chiswe chinadya. Tsono ulendo uno anati amange ndi chinthu chimene chiswe sichidya, ndicho ukwati. Mwandida, mwana wa Nasoko mlongo wake wa Sindigonja, akwatiwe ndi Dzombe, mwana wa Phokoso, yemwenso anali mkulu wa asilikali a bambo ake. Awiriwa akhale atalowa pansi pa denga limodzi mvula ya chizimalupsa isanagwe. Zikakanika, nkhondo iyambirenso, ndipo ankhoswe aponyedwe kwa ng'ona.

Mafumu analankhula masiku atatu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti dengalo lidzakhala tsidya liti.

Atabwerera kwawo, Sindigonja anasonkhanitsa nduna zake.

"Ndani mwa inu alandire ulemu wokhala nkhoswe wa ukwati wa mtendere?"

Nduna ya Mikondo inayamba kutsokomola. Nduna ya Nkhokwe Zopanda Kanthu inakumbukira kuti kwawo kwagwa maliro a azakhali, azakhali omwewo amene anamwaliranso chaka chatha. Pomaliza anaimirira mkulu wa nduna zonse. Anthu ankamutcha Zoonadi, chifukwa chiyambire ntchito sanayambepo kulankhula ndi mawu ena.

"Zoonadi, mfumu, ulemuwu ndi waukulu kuposa ife. Koma kumudzi kwa Mphepozinayi kuli mayi wa mchere amene amadzitama kuti ukwati womanga iye suphwasuka."

M'mawa mwake Nangondo anapezeka atagwada pabwalo, manja adakali mbuu ndi mchere.

"Ndiwe Nangondo?" inafunsa mfumu.

"Ndine, mfumu, pokhapokha ngati mwandiitanira mlandu. Ukakhala mlandu, Nangondo anamwalira chaka chatha."

"Si mlandu. Takusankhira ulemu."

Nangondo anayang'ana nduna zonse zija, zonenepa, zitayang'ana pansi ngati zataya singano.

"Ulemu umene akuluakulu onsewa alephera kuunyamula uyenera kukhala wolemera ndithu. Kodi ndingakane?"

"Zoonadi, ungakane," anatero Zoonadi. "Ng'ona zili kuseri kuno. Sizinadye chiyambire mtendere."

"Ndalandira ndi manja awiri," anatero Nangondo. "Koma ndifunseko chimodzi. Mkwati ndi mkwatibwi adzakhala kuti?"

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Mfumu inaseka mpaka kugwira nthiti.

"Kuti? Kuno! Mwamuna amatsata mkazi. Amabwera, amamanga nyumba, amalima munda wa apongozi, ana n'kukhala a mbumba yathu. Kodi mayi iwe unakwatiwapo?"

"Kawiri, mfumu. Koma kutsidya mwambo wawo..."

"Kutsidya kulibe mwambo. Kuli zizolowezi zoipa basi."

Nangondo ankadziwa bwino kuti ku Mwayambandinu mwamuna sachoka pamudzi pa bambo ake. Amapereka ng'ombe, mkazi n'kusamuka, ana n'kukhala a kuchimuna. Koma akanati afotokoze, akanamufunsa kumene anazidziwira, ndipo makutu ake ankawafunabe.

Mfumu inamupatsa khasu latsopano, la mpini wosalala, kuti akapereke kwa mkamwini monga mwa mwambo. Asananyamuke, anamva mfuu kudooko. Ng'ombe makumi asanu ndi limodzi zinali kuoloka mtsinje, zoyendetsedwa ndi anthu a Phokoso. Wolengeza wa mfumu anathamanga mudzi wonse akuimba ng'oma.

"Mverani, mverani! Adani apepesa! Atumiza ng'ombe zolipira milandu ya zaka makumi anayi! Mfumu mwa chifundo chake yalamula kuti tiwakhululukire pozidya!"

Nangondo anathamangira kwa Zoonadi. "Bambo, musaphe ng'ombezo. Si chipepeso ayi. Ng'ombezo ndi..."

"Zoonadi, ndi zonona," anatero Zoonadi, akunola mpeni.

Pofika tsiku lachisanu zinatsala nyanga zokhazokha. Nangondo anadyako chiwindi, poganiza kuti ng'ona sizifunsa ngati munthu anadya nawo kapena ayi.

Kenaka anaoloka ndi khasu lija. Kudooko anapeza Chipalasa atakhala m'bwato lake, nkhope ili khwinya.

"Mwamva, Anangondo? Nanenso andipatsa ulemu."

"Inunso? Nduna za kwanu zinadwala chiyani?"

"Msana. Zonse tsiku limodzi."

"Palasani, achimwene. Mwina adzatiponya kwa ng'ona imodzi, tizikachezerana m'mimba."

Ku bwalo la Mwayambandinu, Phokoso analandira khasu n'kulikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Anthu anga! Sindigonja wagonja! Watula zida! Taonani chida chimene akhala akutiopseza nacho zaka zonsezi!"

Analankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo, n'kulamula kuti khasulo lipachikidwe pamwamba pa mpando wake. Atapuma kuti amwe madzi, Nangondo analowetsa mawu ake.

"Mfumu, pepani. Khasulo ndi la mwana wanu. Akalimire munda wa apongozi ake akabwera kudzakhala kwathu."

Madzi anamutsamwa Phokoso. "Mwana wanga? Kulima? Kwanu? Nanga ng'ombe zanga?"

"Zinafika bwino, mfumu."

"Zili kuti?"

"Zili mwa anthu."

"Ndiye kuti mkazi ndi wathu! Mwadya ng'ombe, bweretsani mkazi. Tikumudikira pachipata."

Ndipo anadikiradi. Ku Mwayambandinu anasesa njira, anafulula mowa, akazi n'kukhala pachipata kudikira mtengwa. Ku Sitinalakwe anasesa njira, anafulula mowa, n'kuyeza malo pomwe mkamwini adzamange nyumba. Mowa unasasa, anafulula wina. Nangondo anaoloka mtsinje maulendo khumi ndi awiri. Sindigonja ankati mwana wa mbumba yake saoloka ngati mbuzi yogulidwa. Phokoso ankati mwana wake si kapolo wa munda wa munthu. Uku mitambo inayamba kusonkhana kum'mawa, ndipo anyamata anali atatentha kale tchire.

Ku msika wa Sitikudziwa nkhani inali yomweyo.

"Anangondo!" anakuwa mayi wa nsomba. "Ng'ona mwazipatsa moni lero? Muzizolowerana!"

"Muzidzola mchere wanuwo m'mawa uliwonse," anawonjeza wa miphika, "zisadzadandaule kuti ndiwo n'zosakolera."

"Mnofu uwu unakanika amuna awiri," anayankha Nangondo. "Zidzaguluka mano."

Anaseka nawo, koma maso ali kumitambo. Masana a tsiku limenelo, akupima mchere, anakumbukira chinthu chimene ankachita pa ukwati wa anthu wamba aliyense, chimene mafumu, nduna ngakhale iye mwini anaiwala pa ukwati uwu. Panalibe amene anafunsa eni ake.

Anapita kunyumba kwa Nasoko, mlongo wa mfumu. Nasoko anali mayi wamtali, wosaseka wamba, munthu yekhayo m'dziko lonse amene Sindigonja ankamuopa, chifukwa ankakumbukira zaka zimene mfumu inkakodza pamphasa. Anamupeza ali pakhonde ndi mwana wake Mwandida, akuyang'ana khola lopanda mbuzi.

"Zinali makumi atatu," anatero Nasoko asanapereke n'komwe moni. "Nkhondo za mchimwene wangayu zadya zonse. Ukwati wako uli pati?"

"Uli pakati pa mtsinje, mayi. Ndabwera kudzafunsa mwini wake. Iwe Mwandida, mwamunayu ukumufuna?"

Mtsikanayo anatukula mutu. "Ndinu woyamba kundifunsa. Amalume anangonditumira uthenga woti ndasanduka mtendere. Ali ndi mano onse?"

"Ndinawaona akuyasamula pamene bambo ake ankalankhula. Alipo."

"Amasamba?"

"Kadzionere wekha. Mawa ndi tsiku la msika. Muvale nsanza nonse awiri, munyamule thadzi."

"Msika uti?" anafunsa Nasoko.

"Sitikudziwa."

"Ndimaudziwa," anatero Nasoko. "Ukuganiza kuti mchere wa m'nyumba ya mfumu umagwa kumwamba?"

M'mawa mwake Chipalasa anabweretsa Dzombe m'bwato, atamufunditsa chiguduli. Anali chimunthu chachitali, mapewa ngati chitseko, koma maso ake ankangothawathawa. M'khwapa anali atapanira tambala. Anamukhazika kuseri kwa madengu a mchere, Mwandida n'kukhala moyang'anizana naye. Nasoko anaima patali, kwa ogulitsa mphasa.

Mwandida anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, monga amayang'anira mphika asanagule.

"Akuti ndinu mumatentha midzi yathu."

"Amalamula ndi bambo," anatero Dzombe, akuyang'ana tambala wake. "Ine ndimafika mochedwa dala, anthu atathawitsa kale katundu."

"Nanga mukapanda kutentha midzi, mumatani?"

"Ndimaweta nkhunda."

"Kulima mumatha?"

"Ndikhoza kuphunzira."

"Kulankhula ngati bambo anu?"

"Sindinapezepo mpata."

Mwandida anatembenukira kwa Nangondo. "Ameneyu ndamutenga."

Chipalasa anapereka tambala, Nangondo anapereka thadzi. Anawalangiza mawu omwe ankalangiza wina aliyense: kuti mkangano wa m'nyumba usamveke kwa anansi, ndipo ukakula athamangire kwa ankhoswe, osati ku mikondo. Ukwati umene unakanika maufumu awiri unatha nthawi yochepa kuposa yophika dzungu.

Pamenepo Nasoko anayandikira.

"Awa ndiwo apongozi anu," anatero Nangondo.

Sanamalize n'komwe. Chimunthu chija chinadumpha ngati chaponda moto, chinagubuduza madengu awiri a mchere, n'kukagwada kuseri kwa mulu wa mphasa, nkhope kumbali, chikuomba m'manja. Pajatu pa zinthu zonse za pansi pano, maufumu awiriwa ankagwirizana pa chimodzi chokha: mwamuna sayang'anizana maso ndi amayi a mkazi wake. Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire, kaya kuli minga kaya kuli njoka, mpaka adutse.

"Waleredwa bwino," anatero Nasoko.

Nangondo ankayang'ana mkulu wa asilikali a Mwayambandinu, munthu woopedwa matsidya onse, atabisala kuseri kwa mphasa chifukwa cha mayi wonyamula dengu. Anaiwala ngakhale kukalipa za mchere wake wotayika.

Chinatsala ndi denga. Anapangana kuti mawa lake Chipalasa abweretse mitengo ndi udzu amange kachisakasa pamchenga pomwepo, mafumu adzauzidwe zitatha. Koma madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, kumwamba kunagunda. Chizimalupsa inagwa yosanyengerera, mpaka agalu anathawira m'nkhokwe.

Kutacha, olengeza a matsidya onse anali kale pa ng'oma. Tsidya lino ankati Mwayambandinu yatinyoza potimana mkamwini. Tsidya linalo ankati Sitinalakwe yadya ng'ombe n'kubisa mkazi. Nkhondo ichitike mkuja, pa Ndiwathu. Nangondo anamugwira n'kumubweretsa pabwalo.

"Mfumu, ukwati unamangidwa dzulo," anatero. "Funsani mlongo wanu."

"Ali pansi pa denga limodzi?"

"Ayi."

"Mvula yagwa?"

"Yagwa."

"Ndiye pangano ndi pangano. Koma sitikuponya lero. Tikakuponyera ku Ndiwathu tikapambana, kuti chikondwerero chikome."

"Zoonadi, mfumu, chifundo chanu chilibe malire," anatero Zoonadi.

"Ndipempheko chimodzi," anatero Nangondo. "Ndikatsanzike anzanga a mchere."

Anamulola, n'kumupatsa msilikali womulondera. Atangotuluka pachipata, msilikaliyo ananong'ona: "Amayi, mwandiiwala? Ndine mwamuna wa Nankhoma uja wa miphika, wa kutsidya. Munatimangira ndinu. Tili ndi ana awiri."

"Ndiye tambasula miyendo, mwana wanga. Tili ndi midzi yambiri yoyenda."

Anayenda mudzi ndi mudzi, ndipo Chipalasa, yemwe kwawo anamulolanso kukatsanzika bwato lake, anachita chimodzimodzi tsidya linalo. Uthenga unali umodzi. Mayi aliyense amene mwana wake wamkazi anakwatiwa ndi mwamuna wa kutsidya afike pa Ndiwathu mkuja m'mamawa. Abwere ndi mtedza wosenda.

Si onse anavomera msanga. Mayi wa nsomba uja anagwira m'chiuno.

"Anangondo, mwapenga? Tikakhala pamenepo ndiye kuti taulula. Makutu a akamwini athu adzathera pansi. Anunso."

"Anga ng'ona zidzadyera limodzi ndi mutu, ndiye sindikuwawerengera. Koma inu sankhani. Mkamwini wopanda khutu amalimabe. Wolasidwa pamimba salima. Mukufuna mwana wanu abwerere pakhomo panu ndi ana atatu opanda bambo?"

Mayiyo anaganiza za ana atatuwo ndi kadyedwe kawo. "Mtedza wochuluka bwanji?"

Tsiku la nkhondo linacha bwino. Malipenga a nyanga analira matsidya onse. Asilikali anayamba kuoloka, madzi ali m'mawondo, mafumu ali kumbuyo pa machila awo, aliyense atavala nthenga zokwanira mbalame khumi. Nangondo ankayenda kumbuyo kwa machila a Sindigonja, chingwe chili m'chiuno.

Atafika pamchenga, magulu onse awiri anaima. Pakati pa bwalo la nkhondo panali amayi oposa mazana awiri, atatambalala pamphasa, akusenda mtedza n'kumacheza za mitengo ya nsomba. Pakati pawo, pa mpando wa ndalema, panali Nasoko, Mwandida ali pambali pake.

Dzombe ndiye anali patsogolo pa gulu la Mwayambandinu, mkondo uli m'mwamba. Nasoko anangotukula mutu. Mkondo unagwa. Chimunthu chija chinakhotera kumanzere n'kudziponya m'bango, phava!

Kumbuyo kwake msilikali wina anaona mayi wa nsomba, n'kuponya chishango. Wina anaona wa mphasa. Tsidya lino zinali chimodzimodzi: wolondera Nangondo uja anaona amake a Nankhoma, anasiya chingwe, n'kulowa m'bango mutu uli patsogolo. Amene analibe apongozi pamenepo anaona akuluakulu awo akudumphira m'bango n'kuganiza kuti ndiyo njira yatsopano yomenyera nkhondo, ndipo anatsatira. Pomaliza onyamula machila nawo anazindikira nkhope zina. Mafumu awiri anagwa pamchenga nthawi imodzi, bi! bi!

Bango lonse linkagwedezeka. Amayi sanasiye kusenda.

"Akamwini!" anakuwa mayi wa nsomba, osayang'ana kubango. "Mwadzuka bwanji kumeneko?"

"Tadzuka bwino, amayi, kaya inu," linayankha bango.

"Denga la nkhokwe lija likudonthatu. Munati mubwera mwezi watha."

"Tinatanganidwa ndi nkhondo, amayi."

"Nkhondo imafolera nkhokwe?"

Sindigonja anadzuka, mchenga uli m'kamwa. "Asilikali! Tulukani! Lasani!"

"Sitingathe, mfumu," anayankha mawu ochokera m'bango. "Apongozi sanadutse."

"Ndiye adutse!"

"Tikadali ndi mtedza wambiri, achimwene," anatero Nasoko. Kenaka anatembenukira kwa Phokoso, yemwe ankafufuza nthenga zake. "Asewere, mwafika? Ng'ombe zanu zinali zokoma. Khalani pansi."

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, Phokoso Wachiwiri anasowa mawu, n'kukhala pansi.

"Ndani anamanga maukwati onsewa?" anabangula Sindigonja.

Nangondo anamasula chingwe m'chiuno mwake, anachipinda bwinobwino, n'kugwada.

"Ndine, mfumu. Ine ndi a Chipalasa. Pamene inu munkamanga mapangano asanu ndi atatu odyedwa ndi chiswe, ife tinamanga mazana awiri, ndipo onse alipo, ena ali ndi zidzukulu."

"Lamulo likuti makutu!"

"Dulani, mfumu. Yambani ndi onyamula machila anu, mubwerere kwanu wapansi. Kenaka mudule a asilikali. Koma mawa mukadzalamula, adzamvera pati?"

Mfumu inayang'ana bango, inayang'ana mlongo wake, inayang'ana mtunda wa pakati pa Ndiwathu ndi nyumba yake, n'kukumbukira kuti sinayende wapansi zaka khumi ndi zisanu.

"Za makutu tiziona," inatero. "Koma ng'ona ndi za pangano. Mvula inagwa, denga palibe."

"Denga ndi ntchito ya theka la tsiku," anatero Nangondo. "Bango ilo, anthu odula ali kale momwemo. Limangidwe pompano. Mwana wa a Phokoso wachoka kwawo, waoloka madzi, wafika pa Ndiwathu. Ndiwathu ndi wa yani, mfumu?"

"Ndi wathu!"

"Ndiye mkamwini wabwera kwanu." Anatembenukira kwa Phokoso. "Mwana wa a Nasoko wachoka kwawo, waoloka madzi, wafika pa Ndiwathu. Ndiwathu ndi wa yani?"

"Ndi wathu!"

"Ndiye mtengwa wafika kwanu."

Mafumu anayang'anizana. Aliyense anaona kuti wapambana, ndipo anamumvera chisoni mnzake.

"Yatsala mvula," anatero Sindigonja, mawu atatsika.

Apa Zoonadi anatulukira m'bango, matope ali mpaka m'khosi. Palibe amene anamufunsa chimene ankathawa, ngakhale mayi wina wa miphika anaseka n'kuphimba pakamwa.

"Zoonadi, mfumu, mvula imagwa m'dziko lanu popanda chilolezo chanu?"

Sindigonja anaganiza. "Sigwa."

"Zoonadi, munailoleza tsiku lija?"

"Sindinailoleze."

"Zoonadi, ndiye anali mame."

Tsiku lomwelo olengeza a maufumu onse awiri anayenda midzi ndi lamulo limodzi, loyamba kugwirizana chiyambire dziko: tsiku lija sikunagwe mvula. Wonena kuti inagwa ndi mdani wa mtendere. Anthu amene mapira awo ananyowa pa nsanja anavomereza kuti mame a chaka chimenecho anali amphamvu zedi, moti anakokolola mlatho wa ku Mphepozinayi.

Amayi atamaliza mtedza anatembenukira kumadzulo onse pamodzi, kuti akamwini atuluke. Asilikali a magulu onse anadula bango lomwe anabisalamo, anazika mitengo yaitali ngati ya nsanja kuti dzinja nyumba isamire, ndipo dzuwa lisanapendeke Mwandida ndi Dzombe anali pansi pa denga limodzi. Khasu lija analitsitsa pamwamba pa mpando wa Phokoso. Popeza pamchenga sipalimika, Dzombe ankakumbira nalo zikhomo za khola la nkhunda. Ng'ona anazipatsa nyanga za ng'ombe zija, ndipo zinakhumudwa.

Nangondo anabwerera ku madengu ake, makutu onse awiri ali m'malo mwake. Mafumu sanamuthokoze. M'nyimbo za ku Sitinalakwe, mtendere anaubweretsa ndi Sindigonja. M'nyimbo za ku Mwayambandinu, anaubweretsa ndi Phokoso, atalankhula masiku anayi.

Dzinja linadutsa, madzi anaphwa, msika unabwerera pansi pa nyumba ya nsanja ija. Tsiku lina Nangondo anaona Mwandida akutsika makwerero pang'onopang'ono, dzanja lili kumsana, mimba ili patsogolo. Anawerenga miyezi pa zala, n'kuyang'ana tsidya lino, n'kuyang'ana tsidya linalo, ndipo anapumira m'mwamba.

Sanadikire nthawi yaitali. Sabata lomwelo anafika anthu awiri pa madengu ake: Zoonadi, ndi nduna ina yonenepa ya ku Mwayambandinu, yogwira msana.

"Zoonadi, mayi, tabwera ndi nkhani yabwino. Kukubadwa mwana. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndiye adzalowa ufumu wa Sitinalakwe."

"Kwathu mwana ndi wa kuchimuna," inatero nduna inayo. "Ng'ombe zinadyedwa."

"Zoonadi, tsono mafumu onse awiri agwirizana kuti pafunika munthu wanzeru woti agamule kuti mwanayo ndi wa yani. Ndi ulemu waukulu. Akalakwitsa, ng'ona zija zidakalipo. Tikufuna Nangondo."

Nangondo anapukuta manja pa nsalu yake, n'kuwayang'ana ndi nkhope ya chisoni.

"Nangondo? Kalanga ine, simunamve? Anamwalira chaka chatha. Mchere mugula?"